Kompyuta Ikakana Kufufuta: Mafunso ndi Mayankho kwa Ogwira Ntchito a ku Livingstone

Mzinda wa Livingstone umadya za alendo, ndipo mlendo aliyense amasiya dzina lake penapake. Amalembedwa pa chipata cha pa mlatho wa Victoria Falls kapena pa bwalo la ndege la Harry Mwaanga Nkumbula, amalembedwa ku loji imene wagona, amalembedwanso pa lisiti la boti limene wakwera madzulo pa Zambezi. Eni mzinda nawonso ali m'makaundula: ku chipatala cha ku Maramba kapena ku Libuyu, ku sukulu, ku khonsolo, ku ZRA (bungwe lotolera misonkho). Kale zonsezi zinkalowa m'mabuku akuluakulu a chikuto cholimba. Lero zambiri zimalowa mu database, kaundula wa pa kompyuta amene anthu ambiri amalembamo nthawi imodzi. Ndipo pamene pali database pamamvekanso dandaulo ili: "Ndalakwitsa polemba, ndikufuna kufufuta, koma sisitimu yakana." Mayankho otsatirawa aima pa mfundo imodzi. Kuletsa wogwira ntchito wamba kufufuta n'koyenera, koma kumuletsa kokha, osamupatsa njira yokonzera cholakwa, ndi ntchito yosiyira panjira, ndipo kumabala vuto loposa limene timati tikulipewa.

Kodi chimachitika n'chiyani kwenikweni kompyuta ikakana kufufuta?

Database siona nkhope ya munthu, imaona akaunti imene walowera. Akaunti iliyonse ili ndi mndandanda wa zimene ikuloledwa kuchita pa tebulo lililonse (gawo la database losunga mizere ya zinthu za mtundu umodzi), ndipo m'mapulogalamu ofala monga PostgreSQL, MySQL ndi Microsoft SQL Server zilolezo zikuluzikulu zilipo zinayi: kuwerenga, kulemba zatsopano, kusintha zolembedwa kale ndi kufufuta. M'chilankhulo cha SQL zimatchedwa SELECT, INSERT, UPDATE ndi DELETE, ndipo woyang'anira sisitimu, amene timamutcha adimini, amazipereka ndi lamulo la GRANT n'kuzilanda ndi la REVOKE. Chilichonse mwa zinayizi chimaperekedwa pachokha. Munthu akhoza kuloledwa kulemba mizere yambirimbiri tsiku lonse koma osaloledwa kuchotsapo ndi umodzi womwe, ngakhale umene walemba yekha posachedwapa. Kawirikawiri zilolezo sizipita kwa munthu mwachindunji koma ku udindo wake: kalaliki, namwino, wowerengera ndalama, manijala. Amene walembedwa ntchito yolandira alendo amatenga zilolezo zonse za udindowo, ndipo akakwezedwa amasamutsidwira ku udindo wina.

Pempho lofufuta limadutsa pa zipata zitatu. Choyamba ndi pulogalamu imene munthu akuiona pa sikirini, imene ikhoza kubisa batani lofufutira kapena kulisiya lotuwa, losadinika. Chachiwiri ndi database yeniyeniyo, imene imayang'ana zilolezo za akaunti. Chachitatu ndi kompyuta kapena seva imene ikusunga fayilo, imene ilinso ndi malamulo ake a amene angalembe mu foda. Chipata chilichonse chikhoza kukana pachokha, ndipo uthenga umene umatuluka nthawi zambiri sunena kuti chakana ndi chiti. N'chifukwa chake anthu awiri akhoza kudandaula ndi mawu ofanana pamene mavuto awo ndi osiyana kotheratu.

Adimini akalowa ndi akaunti yake, chinthu chomwecho chimatheka. Si ndiye kuti sisitimu ili ndi vuto?

Nthawi zina ilidi ndi vuto, ndipo tiyenera kusiyanitsa kukana kochita kukonza ndi kukana kwangozi. Wopanga pulogalamu amakonda kuyesa ntchito yake ali mu akaunti ya adimini, imene siletsedwa kanthu, choncho saona pamene wogwira ntchito wamba adzapunthwe. Mu PostgreSQL, mwachitsanzo, kufufuta mzere umene mwausankha ndi nambala yake kumafuna chilolezo chowerengera kuwonjezera pa chofufutira, popeza database iyenera kuwerenga kaye kuti iupeze mzerewo. Palinso timapulogalamu ting'onoting'ono totchedwa trigger, timene timadzuka tokha wina akafufuta n'kukalemba mu tebulo lina kuti uje wachotsa chakuti nthawi yakuti. Ngati wopanga sanakonze mwanjira ina, kapulogalamu kameneka kamayenda ndi zilolezo za munthu amene wadina batani. Munthuyo akakhala kuti saloledwa kulemba mu tebulo lachiwirilo, ntchito yonse imabwerera m'mbuyo, ndipo uthenga umatchula dzina la tebulo limene iye sanalimvepo. M'maofesi ang'onoang'ono amene akugwiritsabe ntchito Microsoft Access, vuto limakonda kukhala pa foda: Access imapanga kafayilo kena pambali pa database kosonyeza amene alimo, ndipo munthu wosaloledwa kulemba mu fodayo amangotha kuwerenga basi.

Pali kukana kwina kumene si nkhani ya chilolezo n'komwe. Matebulo amalumikizana: dzina la mlendo limalumikizidwa ku masiku amene wasungitsa chipinda, masikuwo amalumikizidwa ku malipiro. Database yokonzedwa bwino imakana kuchotsa dzina la mlendo pamene malipiro ake akadalipo, kuopa kusiya ndalama zopanda mwini m'mabuku, ndipo pamenepa imakanira aliyense, adimini yemwe. Komanso kuyambira mu 2016 PostgreSQL ili ndi njira yoikira malire pa mzere uliwonse, moti wa nthambi ya Livingstone sangakhudze mizere ya nthambi ya Kazungula. Munthu akayesa kufufuta mzere umene si wake, sipatuluka uthenga uliwonse wa cholakwika, mzerewo umangokhalabe pomwepo. Ndiye pofufuza pali mafunso atatu othandiza. Kodi adimini nayenso akukanidwa? Ngati inde, ndi nkhani ya mizere yolumikizana. Kodi anzanu a udindo womwewo zikuwathekera? Ngati inde, akaunti yanu inaikidwa mu udindo wolakwika. Kodi onse a udindowo akukanidwa? Pamenepo funso lipite kwa mwini ntchito: munachita kufuna kuti zikhale choncho, kapena wopanga anaiwala?

N'chifukwa chiyani kufufuta kumaopedwa kuposa kulemba kapena kusintha?

Chifukwa cholembedwa molakwika chimaoneka, chosinthidwa chimasiya choyerekezera, koma chofufutidwa sichisiya pofunsira. Tiyerekeze loji ya zipinda 12 chakufupi ndi msewu wa Mosi-oa-Tunya. Mlendo wochokera ku Bulawayo wagona masiku awiri, walipira ndalama pamanja, wanyamula chikwama chake Lolemba m'mawa. Wolandira alendo akalakwitsa mtengo, wowerengera ndalama aona madzulo kuti za mu kabati sizikugwirizana ndi za mu kompyuta, afunsa, nkhani itha. Koma ngati wolandira alendo atha kufufuta mzere wonse mlendo atangotuluka pa geti, n'kuika ndalamazo m'thumba, chipindacho chioneka ngati chinagona chopanda munthu. Ndalama za masiku awiri sizinalowepo, VAT ya 16 peresenti sinawerengedwepo, ndipo kabati ndi kompyuta zigwirizana bwinobwino. Mwini loji sangafunse za mlendo amene kaundula akuti sanabwereko.

Ngakhale pasakhale wakuba, dzanja limaterereka. Database ikhoza kukonzedwa kuti pochotsa mzere umodzi izichotsanso yonse yolumikizidwa kwa iwo, moti kudina kumodzi pa dzina la kasitomala kukhoza kusesa mbiri ya zaka. Lamulo la DELETE likalembedwa popanda kutchula mzere umene ukufunika, limakhuthula tebulo lonse. Ndipo izi sizigwera osadziwa okha. Pa 31 Januwale 2017, katswiri wa kampani ya GitLab, imene ntchito yake yeniyeni ndi kusunga mapulogalamu a anthu ena, anafufuta zinthu pa seva yolakwika pamene ankakonza vuto lina usiku. Deta ya pafupifupi magigabayiti 300 inapita. Pofuna kubwezeretsa, anapeza kuti njira zingapo zosungira makope sizinkagwira ntchito, ndipo anapulumukira kope lina limene linatengedwa maola 6 m'mbuyo mwake. Zimene makasitomala analemba m'maola amenewo zinatayika. Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka. Ngati zinatere kwa anthu amene database ndi ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku, n'kupanda chifundo kuika mphamvu yomweyo m'manja mwa munthu amene akulemba uku akuyankha foni, uku mzere wa anthu ukumudikira.

Kodi pali umboni wa kwathu kuno wosonyeza kuti kufufuta mosaletsedwa kumawononga?

Ulipo, ndipo ambiri olankhula Chichewa kapena Chinyanja anaumvapo: Cashgate ya ku Malawi mu 2013. Boma la Malawi linkalipira ndalama zake kudzera mu sisitimu yotchedwa IFMIS. Anthu ena ogwira ntchito m'boma ankalowetsamo malipiro opita ku makampani amene sanagulitse kanthu ku boma, macheke n'kutuluka, ndalama n'kutapidwa ku banki, kenaka mizere ya malipirowo n'kufufutidwa mu sisitimu kuti wofufuza asapeze chizindikiro. Kampani ya Baker Tilly ya ku Britain, imene inapatsidwa ntchito yofufuza, inatulutsa lipoti mu Febuluwale 2014 losonyeza kuti m'miyezi 6 yokha, kuyambira Epulo mpaka Seputembala 2013, ndalama zoposa K13 biliyoni za ku Malawi zinasowa kudzera m'njira imeneyi ndi zina. Mayiko othandiza anaimitsa ndalama zimene ankathira mu bajeti, ndipo amene anamva kuwawa ndi odwala m'zipatala ndi ana m'masukulu.

Phunziro la nkhaniyi lagona pa sitepe yomaliza ija. Kulowetsa malipiro abodza n'kuba kumene kukanagwidwa msanga, chifukwa mzere wabodza ukanakhala pamaso pa aliyense woyang'ana mabuku. Chimene chinapatsa anthu mtima wobwereza ndi kudziwa kuti akatha angathe kupukuta. Ndipo chimene chinawathandiza ofufuza n'chakuti cheke chikadutsa ku banki chimasiya mbiri yake kumeneko, kumene dzanja lofufuta mu IFMIS silinkafika. Apa pali mfundo ziwiri zimene zikukhudza ngakhale sitolo ya ku msika wa Maramba: mphamvu yofufuta isakhale m'manja mwa amene akulemba, ndipo mbiri ya zochitika isungidwe pamalo pamene wofufutayo sangafike.

Koma akuba ndalama zambiri si makalaliki. Kodi kumeneku si kunyoza antchito ang'onoang'ono pa milandu ya akuluakulu?

Ili ndi dandaulo lolemera, ndipo mbali yake yoyamba ndi yoona. Kuba kwakukulu kumafuna munthu wokhala ndi mphamvu zambiri mu sisitimu kapena wotha kulamula amene ali nazo. Koma yankho lake si kutsegulira apansi, ndi kutsekeranso apamwamba. Mu 1975 akatswiri awiri a ku America, Jerome Saltzer ndi Michael Schroeder, analemba mfundo imene ikugwirabe ntchito mpaka lero: munthu aliyense ndi pulogalamu iliyonse zikhale ndi zilolezo zokhazo zimene ntchito yake ikufuna. Mfundoyi siyang'ana malipiro a munthu kapena kukula kwa ofesi yake. Manijala wa hotela ntchito yake ndi kuvomereza, si kufufuta malisiti. Adimini nayenso ayenera kukhala ndi akaunti ziwiri, yawamba ya tsiku ndi tsiku ndi yamphamvu yolowera pokhapokha pakafunika, ndipo chilichonse chimene wachita ndi yamphamvuyo chilembedwe kumene iye sangasinthe. Bungwe limene laletsa kalaliki koma n'kusiya abwana akufufuta mwakufuna kwawo silinatseke kanthu, langosankha amene angabe.

Komanso tiyang'ane amene amapindula ndi chiletsochi. Ndalama zikasowa kumapeto kwa mwezi, chala chimayamba kuloza wamng'ono: mtsikana wa pa kauntala, mnyamata wolowetsa deta, wophunzira ntchito wochokera ku koleji. Iwowa alibe loya, ndipo mawu awo salemera pamaso pa abwana. Munthu wotere akakhala kuti akaunti yake singathe kufufuta, ali ndi mboni imene singagulidwe. Sangakakamizidwenso ndi wamkulu amene wabwera pambali n'kunong'oneza kuti, "Tangochotsani kameneka, tikonza mawa." Amayankha mwaulemu kuti, "Pepani abwana, akaunti yangayi siitha," ndipo nkhani yathera pomwepo popanda kuyambana ndi munthu. Chiletso chimene chikuoneka ngati kusamukhulupirira ndi chimene chimamuteteza tsiku la mlandu.

Nanga cholakwa chikonzedwe bwanji ngati kufufuta n'koletsedwa?

Amene anagwirapo ntchito ndi mabuku akale a ku chipatala kapena ku positi ofesi akudziwa kale yankho. Masamba ankakhala ndi manambala ndipo kung'amba tsamba unali mlandu. Ukalakwitsa unkadula mzere umodzi pa mawu olakwikawo, owerengekabe, n'kulemba zolondola pambali, kusayina ndi kuika tsiku. Database yabwino imatsata mwambo womwewu. M'malo mochotsa mzere, imauika chizindikiro chakuti wathetsedwa, n'kusunga dzina la wothetsa, nthawi ndi chifukwa. Mzerewo umachoka pamaso pa ogwira ntchito ndipo suwerengedwanso m'malipoti, koma woyang'anira akhoza kuuona ndi kuubweza. Pulogalamu ya OpenMRS, imene kapangidwe kake kagwiritsidwa ntchito m'zipatala za ku Malawi ndi mayiko ena ambiri, imachita zimenezi ndi mbiri ya odwala, ndipo ili ndi malo olembapo chifukwa chothetsera. DHIS2, imene inapangidwa ku University of Oslo ndipo unduna wa zaumoyo ku Zambia umasonkhanitsira ziwerengero, nayonso imayamba yaika chizindikiro pa zofufutidwa, ndipo kuzichotseratu ndi ntchito yapadera ya woyang'anira.

Pa nkhani za ndalama njira yake ndi kulemba mzere wina wobweza woyambawo. Mu 2024 ZRA inayambitsa Smart Invoice, imene imatumiza invoisi ku likulu la msonkho pomwe ikulembedwa. Wamalonda wa ku Livingstone akalakwitsa, sangachite ngati invoisiyo sinalembedwepo, koma amatulutsa credit note yotchula invoisi yoyambayo, ndipo zonse ziwiri zimakhala m'mabuku. Wotumiza ndalama pa foni ku nambala yolakwika amadziwanso kuti wa pa kabokosi ka Airtel kapena MTN sangafufute zimene zachitika. Chimene chimatheka ndi kupempha kuti zibwezedwe, ndipo kubwezako kumakhala ndi nambala yakeyake.

Vuto lovuta kwambiri ndi la munthu wolembedwa kawiri. Tiyerekeze mayi wa ku Dambwa amene anataya khadi lake la ku chipatala. Atabweranso, kalaliki sanamupeze chifukwa dzina linalembedwa mosiyana pang'ono, ndiye anamutsegulira fayilo yatsopano. Yakaleyo ili ndi mbiri ya mankhwala amene amamwa ndi chenjezo lakuti mankhwala ena amamutupitsa thupi. Yatsopanoyo ili ndi zotsatira za magazi za sabata ino. Kalaliki akazindikira, mtima umamuuza kuti afufute imodzi. Koma iti? Iliyonse imene angachotse ikupita ndi kanthu kamene dokotala adzakafuna. Cholinga chonse cha SmartCare, sisitimu imene unduna wa zaumoyo ku Zambia unakhazikitsa mothandizana ndi bungwe la CDC la ku America, n'chakuti mbiri ya wodwala izimutsatira kulikonse kumene wapita. Chimene chikufunika pa mayi ameneyu ndi kuphatikiza mafayilo awiriwo, ndipo iyi ndi ntchito ya munthu wodziwa kutsimikiza kuti ndi munthu mmodzidi, osati mayi awiri a dzina lofanana.

Zonsezi zimachedwetsa ntchito. Anthu ali pa mzere, adimini ali kutali. Kodi si bwino kungolola?

Kuchedwa kulipodi, ndipo ndi pano pamene mabungwe ambiri amalakwira antchito awo. Likulu la chigawo cha Kumwera linasamuka ku Livingstone kupita ku Choma, ndipo malikulu a mabungwe ambiri ali ku Lusaka, mtunda woposa makilomita 450. Ngati munthu yekhayo wotha kukonza cholakwa ali kumeneko, ndipo pempho limatenga sabata, anthu sakhala manja lende kudikira. Amapeza njira zawo. Pasiwedi ya abwana imalembedwa pa kapepala n'kubisidwa pansi pa kiyibodi kuti aliyense azilowera. Dzina la kasitomala wolakwika limasinthidwa kukhala zilembo zopanda tanthauzo, mzere n'kutsala ukuwerengedwabe m'malipoti. Ena amatsegula kope lawolawo la pambali, zoona n'kumakhala m'kopemo, sisitimu n'kumasunga zabodza. Pa njira zitatuzi yoopsa kwambiri ndi yoyamba. Anthu asanu akamalowera akaunti imodzi, mbiri yonse imanena kuti manijala ndiye wachita chilichonse, ndipo palibenso amene angadziwike. Chiletso chouma chabala chinthu chomwe chija tinkathawa, ndipo chachibala mobisika.

Choncho yankho si kulola kufufuta, komanso si kuuza anthu kuti apirire. Ndi kukonza njira yachangu imene ili pafupi. Wogwira ntchito aloledwe kuthetsa mzere umene walemba yekha, tsiku lomwelo, mabuku asanatsekedwe, atalemba chifukwa. Zolakwa zambiri zimaoneka nthawi yomweyo, ndipo chilolezo chaching'ono chimenechi chimachotsa gawo lalikulu la madandaulo. Za masiku apitawo kapena zolemba wina zivomerezedwe ndi woyang'anira amene alipo pa shifiti yomweyo, usiku womwe, Lamlungu lomwe, pakuti loji ndi chipatala sizitseka. Zokhazo zofuna kuchotseratu ndi zimene zipite kwa adimini. Uthenga wa pa sikirini nawonso ulankhule ngati munthu. Mu mzinda umene anthu amagwira ntchito m'Chitonga, Chilozi ndi Chinyanja, mawu akuti permission denied otsatana ndi dzina la tebulo sathandiza aliyense. Uthenga unene kuti udindo wanu sulola kufufuta, dinani apa kuti muthetse, kapena onanani ndi woyang'anira. Izi sizifuna ndalama zambiri, zimafuna kuti wopanga pulogalamu akhale tsiku limodzi pa kauntala n'kuona mmene ntchito imayendera.

Kodi lamulo silipatsa munthu ufulu wakuti zake zifufutidwe? Ngati kalaliki sangathe, ufuluwo uli kuti?

Limapatsadi. Lamulo la Data Protection Act, nambala 3 ya 2021, limapatsa munthu ku Zambia ufulu wopempha kuti zolembedwa za iye zikonzedwe ngati zili zolakwika, ndiponso kuti zifufutidwe ngati sizikufunikanso pa cholinga chimene anazitengera, ngati wabweza chilolezo chake, kapena ngati zinatengedwa mosatsata lamulo. Malawi nayenso anakhazikitsa lamulo lotere mu 2024. Kwa mzinda umene umasunga manambala a mapasipoti a alendo ochokera dziko lonse, iyi si nkhani yaing'ono. Ndipo apa pakuoneka malire a njira yothetsa ija: mzere wothetsedwa ukadalipo, choncho kubisa si kufufuta pamaso pa lamulo. Bungwe limene sisitimu yake singathe kuchotseratu kanthu nalonso lili ndi vuto.

Koma udindo woyankha pempho lotere lamulo limauika pa bungwe losunga deta, osati pa amene wapezeka pa kauntala. Pali zofunika kuziyeza kaye. Kodi wopemphayo ndi mwini wake weniweni? Kodi palibe lamulo lina lofuna kuti zisungidwe? Malamulo a msonkho amafuna kuti mabuku a malonda asungidwe kwa zaka zingapo, choncho invoisi ya mlendo singachotsedwe chifukwa choti iye wapempha, ngakhale nambala yake ya foni ndi chithunzi cha pasipoti zikhoza kuchotsedwa nthawi yake ikakwana. Kodi zili m'malo angati, kuphatikizapo makope osungira? Kalaliki akadina batani amachotsa mzere umodzi, n'kusiya makope ena onse, mlendo n'kupita akuganiza kuti zatha. Ufulu wa munthu umalemekezedwa pamene pempho lake lalembedwa, lafika kwa woyenera, layankhidwa pa nthawi yake, ndipo kufufutako kwachitika konsekonse.

Ndiye wogwira ntchito ndi mwini ntchito achite chiyani kuyambira mawa?

Wogwira ntchito akakanidwa asabwereke pasiwedi ya wina, ndipo asabwereketse yake ngakhale kwa mnzake wapamtima, pakuti chilichonse chochitika mu akaunti yake chidzafunsidwa kwa iye. Ajambule uthenga wonse monga watulukira, osajambula zinsinsi za kasitomala kapena wodwala, alembe nthawi ndi nambala ya mzere, afunse ngati anzake a udindo womwewo akukanidwanso, kenaka apereke kwa woyang'anira polemba. Ndipo ali ndi ufulu wofunsa funso limene ambiri amaopa: "Ngati sindiloledwa kufufuta, ndikonze bwanji?" Funso limeneli si mwano. Ndi funso la munthu amene akufuna mabuku olondola.

Mwini ntchito, kaya ndi wa loji ya zipinda zochepa, famase, sukulu kapena bungwe lothandiza anthu, akhale pansi ndi womupangira sisitimu n'kuyankha zinthu zisanu. Ndani angafufute, ndipo n'chifukwa chiyani? Wolakwitsa amakonza bwanji, ndipo zimatenga nthawi yaitali bwanji? Mbiri ya zothetsedwa imawerengedwa ndi ndani, kangati? Akaunti za amene anasiya ntchito zinatsekedwa? Kope losungira linayesedwapo kubwezeretsa, kapena tikungokhulupirira kuti lilipo? Asalandire pulogalamu imene yayesedwa mu akaunti ya adimini yokha. Aumirire kuti iyesedwe mu akaunti ya udindo uliwonse, iye akuona. Wina anganene kuti bizinesi yaing'ono ya anthu odziwana sifunika zonsezi, koma ndi m'mabizinesi otere mmene ndalama ikasowa ubale umatha, chifukwa palibe chosonyeza amene walakwa ndi amene sanalakwe. Kompyuta ikakana kufufuta, nthawi zambiri ikuchita ntchito yake. Chotsala ndi chathu anthu: kuonetsetsa kuti kukanako tinachita kukusankha, kukukhudza wamkulu ndi wamng'ono mofanana, ndipo amene wakanidwa akudziwa kopita tsiku lomwelo.